Sikirini yakana kuyaka pa Linux: kuthetsa mavuto a panel, device tree ndi driver

Pali dandaulo limodzi limene silitha pakati pa anthu olumikiza masikirini ku mabolodi a ARM: "Ndakopera manambala onse a mu datasheet, nanga bwanji sikirini ili bii?" Ukafufuza bwino umapeza kuti munthuyo akuganiza kuti panel (galasi la sikirini ndi tchipi chake) ndi panel basi, ukaipatsa magetsi ndi manambala a timing (nthawi za katumizidwe ka chithunzi) iyaka yokha. Maganizo omwewa ndi amene amachititsa ambiri kulakalaka binding imodzi (ndondomeko ya kalembedwe ka chipangizo mu device tree, fayilo youza kernel zida zimene zili pa bolodi) yokwanira mapanel onse, ndi driver imodzi yowayendetsa onse. Zoterozo zilipo ndithu mu kernel, koma iliyonse ili ndi malire ake, ndipo mavuto ambiri amene ali m'munsimu amabwera munthu akalumpha malirewo osadziwa.

## Dziwani kaye kuti panel yanu ndi ya khomo liti

- panel-simple: inalowa mu kernel 3.14 m'chaka cha 2014, wolemba wake ndi Thierry Reding. Dzinalo lisakupusitseni. Timing siikhala mu device tree, imakhala mu driver, ndipo panel iliyonse ili ndi `compatible` yakeyake, dzina la mu device tree limene kernel imapezera driver. Ndi ya mapanel ofuna regulator (chopereka magetsi) imodzi ndi GPIO (pini yolamulidwa ndi kernel) imodzi yoyatsira.
- panel-dpi ndi panel-lvds: apa timing mumalemba nokha mu node ya `panel-timing`. Komabe dzina lenileni la panel liyenera kutsogola, mwachitsanzo `"mitsubishi,aa121td01", "panel-lvds"`.
- edp-panel: inabwera ndi kernel 5.16 kudzera mwa Douglas Anderson. Imatheka chifukwa panel ya eDP imadzitchula yokha dzina kudzera mu EDID, chidziwitso chake chosungidwa m'kati mwake.
- panel-mipi-dbi-spi: ya Noralf Trønnes, kernel 5.18 m'chaka cha 2022, ya timasikirini ting'onoting'ono ta SPI. Malamulo oyambitsira amakhala mu fayilo ya firmware.
- MIPI DSI yofuna malamulo oyambitsira: palibe khomo la onse. Mumalemba driver, kapena mumawonjezera panel yanu mu driver ya tchipi chake, monga ILI9881C, ST7701, ST7703 kapena HX8394.

Mukasankha khomo lolakwika, zina zonse mukhala mukutungira madzi m'dengu.

Zida zofunika pafupi: waya wa serial wowerengera mauthenga a kernel, multimeter, pulogalamu ya `modetest` ya mu libdrm, ndi debugfs yotsegula. Pa command line ya kernel onjezani `drm.debug=0x1e` kuti DRM, gawo la kernel loyendetsa masikirini, izilankhula zambiri.

## Chizindikiro 1: Palibe chilichonse mu /sys/class/drm

Apa sikirini siinafike n'poyesedwa pomwe. Musagwire timing, musagwire waya.

Driver ikudikira china chake. Ichi ndiye chofala kuposa zonse. Werengani `/sys/kernel/debug/devices_deferred`. Mukaona panel kapena display controller pamndandandapo, kapena nambala -517 mu `dmesg`, ndiye kuti pali chimene sichinafike. Kawirikawiri amakhala backlight, nyali ya kumbuyo kwa galasi: node ya panel ikuloza ku `pwm-backlight`, koma `CONFIG_BACKLIGHT_PWM` kapena driver ya PWM ya SoC yanu (tchipi chachikulu cha bolodi) siinayatsidwe, ndiye panel idikira mpaka kalekale. Kuti mutsimikize, chotsani kaye mzere wa `backlight` n'kuona ngati connector itulukire. Ngati driver ndi yanu, gwiritsani ntchito `dev_err_probe` paliponse pamene mukupempha regulator, GPIO kapena backlight, chifukwa ndi imene imalemba chifukwa cha kudikirako mu fayilo ija.

`compatible` siikugwirizana ndi driver iliyonse. Chilembo chimodzi chikaphonya, kernel imangokhala chete. Anthu ambiri amakopera `"simple-panel"` kuchokera ku U-Boot (bootloader, pulogalamu yoyambitsa kernel) kapena ku kernel ya ogulitsa bolodi, osadziwa kuti panel-simple ya mainline, kernel yeniyeni ya Linux, siizindikira dzina limenelo.

DTB (device tree yomangidwa kale) imene ikuyenda si imene mwakonza. Zimachititsa manyazi koma zimachitika kwa aliyense. Onani zimene kernel yalandira zenizeni ndi `dtc -I fs -O dts /sys/firmware/devicetree/base`, mufunefune node yanu, muonenso kuti `status` ndi `okay` pa panel, pa DSI host (mbali ya SoC yotumiza ku panel) ndi pa display controller.

Ma endpoint sakulozana. `remote-endpoint` iyenera kuloza mbali zonse ziwiri, panel ku controller, controller ku panel. Panel ya DSI yolamulidwa kudzera pa DSI pomwepo iyenera kukhala mwana wa node ya DSI host, ndi `reg` yotchula virtual channel, imene nthawi zambiri ndi 0.

Firmware siikupezeka. Izi ndi za panel-mipi-dbi-spi zokha. Fayilo imatenga dzina la `compatible` yoyamba ndi `.bin` kumapeto, ndipo imakhala mu `/lib/firmware`. Driver ikamangidwa m'kati mwa kernel, imapempha fayiloyo rootfs isanatsegulidwe. Imangeni ngati module, kapena ikani fayiloyo mu initramfs.

## Chizindikiro 2: Backlight yayaka, chithunzi palibe

Apa ndi pamene masiku amathera, ndiye tikhalapo pang'ono.

Yang'anani kaye mtundu wa galasi. Panel ya TN ikakhala kuti siikuyendetsedwa imaoneka yoyera mbee, pamene ya IPS imakhala yakuda koma yowala pang'ono m'mbali. Zonse ziwiri zikunena chinthu chimodzi: nyali ikuyaka, koma tchipi choyendetsa galasi chili m'tulo. Yendetsani `modetest` kuti ijambule mizere ya mitundu. Ikayenda popanda kudandaula koma galasi osasintha, vuto lili pakati pa SoC ndi panel.

1. Reset yatembenuzidwa. Mu kernel, `gpiod_set_value` ikapatsidwa 1 sikutanthauza kuti pini ikwere magetsi, ikutanthauza kuti reset igwire. Kukwera kapena kutsika kwa pini kumachokera ku device tree. Mapanel ambiri amalowa mu reset pini ikatsika, ndiye cholondola ndi `GPIO_ACTIVE_LOW` mu `reset-gpios`, ndipo driver ipereke 1 pogwira reset, 0 pomasula. Ine ndinatayapo masiku awiri pa nkhani imeneyi. Ndinatenga driver ya ogulitsa imene inalembedwa moganizira magetsi enieni a pa pini, kenako mwaukadaulo wanga ndinalemba `GPIO_ACTIVE_LOW` mu device tree. Ndinasintha timing, ndinasintha ma lane (tinjira ta data ta DSI), ndinakayikira waya wa FPC, wopyapyala wa panel uja, mpaka kuyitanitsa wina. Tsiku lachitatu ndinangogunditsa multimeter pa pini ya reset: 0 V, sikirini ikuti "yayatsidwa". Yambani ndi muyeso umenewu, umatenga mphindi imodzi.

2. Magetsi ena sanafike, kapena afika mosatsata ndondomeko. Mapanel a mafoni ambiri amafuna IOVCC ya 1.8 V, VCI ya pafupifupi 2.8 V, ndipo ena amafunanso magetsi a bias a mbali ziwiri, okwera ndi otsika, a ma volt oposa 5 pang'ono. Datasheet imanena uti uyambe ndi nthawi yodikira pakati pake. Mukaona uthenga wakuti `supply power not found, using dummy regulator`, kernel ikukuuzani kuti yapeka regulator yabodza ndipo siikuyatsa chilichonse. Onani `/sys/kernel/debug/regulator/regulator_summary`, kenako yezani pa connector penipeni. Panel ikafuna ma regulator awiri kapena atatu, si ya panel-simple, ngakhale muikakamize bwanji.

3. Malamulo oyambitsira atumizidwa DSI host isanadzuke. Mapanel ambiri amafuna kuti ma lane akhale pa LP-11 (kudikira pa low power, mawaya onse awiri ali pamwamba) asanamasulidwe ku reset, ndipo malamulo sangadutse host ili chigonere. Ngati driver yanu imatumiza malamulo mu `prepare` ndipo mukuona timeout kapena -110, ikani `prepare_prev_first` kukhala true pa `drm_panel` yanu, kuti host iyambe ndiyo. Onaninso kuti `MIPI_DSI_MODE_LPM` yayikidwa ngati panel imafuna malamulo pa low power.

4. Malamulo anakoperedwa molakwika. Ma kernel a ogulitsa tchipi za Rockchip amasunga malamulo mu `panel-init-sequence`, ndipo a Qualcomm mu `qcom,mdss-dsi-on-command`. Tengani mzere wa Rockchip uwu:

`05 78 01 11`

Byte yoyamba ndi mtundu wa paketi, yachiwiri ndi nthawi yodikira, yachitatu ndi kutalika, yotsalayo ndiye lamulo. 0x78 ndi 120, ndiye mzerewu ukuti: tumiza 0x11, lamulo lodzutsa panel ku tulo, kenako dikira mamilisekondi 120. Anthu posamutsira mu C amatenga 0x11 n'kuiwala kudikirako, kenako 0x29 yoyatsa chithunzi imafika panel ikadali kuyasamula. Msampha wina ndi wakuti 0x29 ikakhala byte yoyamba si lamulo loyatsa chithunzi ayi, ndi mtundu wa paketi wa generic long write, wosiyana ndi 0x39 wa DCS, gulu la malamulo ofanana a mapanel a MIPI. Tchipi zina sizisamala za kusiyanaku, zina zimakana kotheratu.

Njira yabwino yodziwira ngati panel ikumva ndi kuifunsa. Werengani register 0x0A ndi `mipi_dsi_dcs_get_power_mode`. Pa tchipi zambiri 0x08 ikutanthauza kuti yangochoka mu reset ndipo ikadagona, pamene 0x9C ikutanthauza kuti yadzuka ndipo chithunzi chayatsidwa. Ikayankha 0x9C galasi lili lakudabe, malamulo ali bwino, pitani pa 5. Ikapanda kuyankha n'komwe, bwererani pa 1 ndi 2.

5. Ma lane, format kapena mode flags. Nambala ya ma lane mu driver igwirizane ndi mawaya a pa bolodi ndiponso ndi zimene malamulo oyambitsira auza tchipi. Liwiro la lane iliyonse ndi pixel clock kuchulukitsa ndi ma bit a pixel, kugawa ndi ma lane: 70 MHz pa ma bit 24 ndi ma lane 4 ndi 420 Mbps. Onani ngati panel ndi host zonse zikukwanitsa. Kenako yesani `MIPI_DSI_MODE_VIDEO_BURST`, `MIPI_DSI_MODE_VIDEO_SYNC_PULSE` ndi `MIPI_DSI_CLOCK_NON_CONTINUOUS`, chimodzichimodzi, mukulemba chimene mwasintha.

6. Pinctrl. Pa RGB ya mawaya ambiri, mapini akakhala kuti sanapatsidwe ntchito ya LCD, DRM imaona ngati zonse zili bwino koma kunja sikutuluka kanthu.

## Chizindikiro 3: Galasi lakuda, koma mukawunika ndi tochi chithunzi chikuoneka

Nkhani yabwino, vuto ndi backlight yokha.

- Onani `brightness` ndi `bl_power` mu `/sys/class/backlight`. Kumbukirani kuti `default-brightness-level` ndi malo a mu mndandanda wa `brightness-levels`, si kuwala kwenikweniko.
- Mukakweza kuwala nyali n'kumathima, PWM yatembenuka, ikani `PWM_POLARITY_INVERTED`.
- Period ya mu `pwms` ili mu ma nanosecond. 50000 ndi 20 kHz. Tchipi cha backlight chili ndi malire ake a frequency, ndipo mukatsitsa kwambiri mumamva kulira kwa coil kapena maso amatopa ndi kuphethira.
- Pini ya enable ya tchipi cha backlight imalembedwa mu node ya backlight, osati ya panel.

## Chizindikiro 4: Chithunzi chasunthira mbali, chikugudubuzika kapena chikunjenjemera

Porch, kampata kopanda chithunzi kutsogolo kapena kumbuyo kwa sync, yawerengedwa kawiri. Tengani panel yotchuka ya mainchesi 7, Innolux AT070TN92, ya 800 ndi 480. Datasheet yake imapereka mzere wonse 1056, front porch 210, ndi blanking 46. Phatikizani 800, 210 ndi 46, mupeza 1056 ndendende, kusonyeza kuti sync pulse ili kale m'kati mwa 46 uja. Device tree imafuna `hsync-len` ndi `hback-porch` padera, ndiye mukasankha `hsync-len` ya 20, `hback-porch` ikhale 26. Mukalemba 46 n'kuwonjezeranso 20, pa panel yotsata sync chithunzi chimasunthira mbali. Opanga ena amawerenga mosiyana, choncho nthawi zonse phatikizani manambala muone ngati akufika pa total. Chitaninso chimodzimodzi kumbali ya vertical: 480, 22 ndi 23 zikupereka 525.

Clock yalakwika. 1056 kuchulukitsa 525 kuchulukitsa 60 ndi 33 264 000, n'chifukwa chake datasheet imati 33.3 MHz. Mu device tree `clock-frequency` ili mu Hz, pamene mu `drm_display_mode` gawo la `clock` lili mu kHz. Ziro atatu amenewa apweteka anthu ambiri. Onaninso `/sys/kernel/debug/clk/clk_summary`, chifukwa PLL ya SoC nthawi zina siikwanitsa nambala imene mwapempha, imangopereka yoyandikira, ndipo yoyandikirayo ikhoza kutuluka m'malire a panel.

Mbali ya clock. Timadontho tothwanima m'mphepete mwa zilembo, kapena mitundu yosintha bolodi ikatentha, zimaloza kuno. Datasheet imanena za mbali imene panel imawerengera, pamene `pixelclk-active` imanena za mbali imene SoC imatulutsira. Ikati panel imawerenga clock ikamatsika, inu lembani `pixelclk-active = <1>`. Vutoli ndi lachinyengo chifukwa pa tebulo zimatha kuoneka bwinobwino, n'kudzayamba katundu atafika kwa kasitomala.

DE kapena sync. Mapanel ambiri a RGB ali ndi pini ya MODE yosankha ngati atsate DE (data enable) kapena HSYNC ndi VSYNC. Onani mmene yalumikizidwira pa bolodi musanataye nthawi ndi `hsync-active`.

Timasikirini ta SPI. ST7789 ili ndi memory ya 240 ndi 320, koma galasi lina ndi la 240 ndi 240. Mukalitembenuza mumaona kachigawo ka zinyalala m'mphepete. Mu panel-mipi-dbi-spi, `hback-porch` ndi `vback-porch` ndi zimene zimanena poyambira mu memory, ndiye 80 pamalo oyenera imathetsa nkhaniyo.

## Chizindikiro 5: Mitundu yasokonekera

- Chofiira chasanduka buluu: RGB ndi BGR zasinthana. Pa tchipi za DCS ndi bit 3 ya register 0x36. Pa RGB ya mawaya, onani schematic.
- Zonse zikuoneka ngati negative ya chithunzi chakale: tumizani 0x21 m'malo mwa 0x20. Ma module ambiri a IPS a ST7789 amafuna zimenezi.
- Nkhope za anthu zili ndi mawanga ngati zapakidwa penti, koma mitundu yokhazikika ili bwino: pa LVDS, `data-mapping` yalakwika. `jeida-24` ndi `vesa-24` zimanyamula ma bit omwewo m'malo osiyana. Mapanel ena ali ndi pini yosankhira, ndiye onani bolodi ndi device tree zonse.
- Mitundu ikudumpha masitepe kapena yazilala: ma bit 18 ndi 24 asokonezedwa. Mu panel-simple onani `bpc` ndi `bus_format`, ndipo musanyalanyaze uthenga wa `Specify missing bus_format`. Apa ndi pamene panel-dpi imafooka: siinena kalumikizidwe ka mawaya a mitundu, ndiye controller imasankha yokha. Ikasankha molakwika, njira yoongoka ndi kulembetsa panel yanu mu panel-simple ndi dzina lake.
- Zilembo zili ndi mano ngati sowo pa LVDS ya ma link awiri: `dual-lvds-odd-pixels` ndi `dual-lvds-even-pixels` zasinthana.

## Chizindikiro 6: Imayaka kenako n'kuzima, kapena siidzuka ikagona

Logo ya U-Boot ikuoneka, kernel ikayamba mdima. Kernel imathimitsa ma clock ndi ma power domain amene palibe driver yawatenga. Yesani `clk_ignore_unused` ndi `pd_ignore_unused`. Zikathandiza, mwapeza kumene kuli vuto, koma amenewa si mankhwala, pali clock imene siinalembedwe mu device tree.

Imazima patatha pafupifupi masekondi 30. Imeneyi ndi nthawi imene kernel imathimitsa ma regulator opanda mwini, ndipo mu `dmesg` muona dzina la regulator ndi liwu lakuti `disabling`. Chiyeso chimakhala kulemba `regulator-always-on` n'kupita kukagona. Zigwira lero, koma mwaphwanya ndondomeko ya magetsi, ndipo vutolo lidzabweranso pa suspend. Lumikizani regulator ku panel ndi dzina loyenera la supply.

Koyamba imayaka, ikathimitsidwa n'kuyatsidwanso imakana. Izi zikutanthauza kuti driver yanu siinayatsepo panel chiyambire, imangodyera thukuta la bootloader. Thimitsani sikirini mu U-Boot muyesenso, ndipo mubwerera ku chizindikiro 2. Zina zoyenera kuona:

- Nthawi yokhala chozima. Panel imafuna magetsi atsikiretu isanayatsidwenso. Pa eDP nthawi imeneyi, yotchedwa T12, kawirikawiri ndi mamilisekondi 500.
- Magetsi olowera kukhomo lakumbuyo. Regulator yazima koma pini ya reset kapena ya data ikadali pamwamba, tchipi n'kumayamwa magetsi kudzera pamenepo osazima kwenikweni. Multimeter imaonetsa volt imodzi kapena kuchepera pa mzere umene uyenera kukhala 0.
- Pothimitsa, ndondomeko ikhale yobwerera m'mbuyo: backlight, 0x28, 0x10, kudikira, reset, kenako ma regulator.
- Pa edp-panel, uthenga wa `Unknown panel` wonena za conservative timings ukutanthauza kuti panel yanu mulibe mu tebulo la driver. Iwonjezereni ndi manambala a mu datasheet. Ngati waya wa HPD, umene panel imanenera kuti yakonzeka, sunalumikizidwe, lembani `no-hpd`.

## Chizindikiro 7: Mapanel a oda yachiwiri akukana, a oda yoyamba ankagwira

Dzina la pa katoni ndi lomwelo, kukula n'komweko, connector ndi yomweyo. Chimene chasintha ndi tchipi kapena galasi, ndipo wogulitsa sanaone chifukwa chokuuzani. Zinandichitikirapo, ndipo nditafunsa anangonditumizira fayilo ina ya malamulo popanda ndi pepani yemwe.

Apa ndi pamene mumayamikira `compatible` yotchula panel yeniyeni. Tchipi chimodzi chimayendetsa magalasi osiyanasiyana: ST7703 ili mu `rocktech,jh057n00900` ya devkit ya Librem 5 ndiponso mu `xingbangda,xbd599` ya PinePhone, driver imodzi, koma malamulo ndi timing zosiyana. Mukanalemba dzina la tchipi lokha, kernel ikanasiyanitsa bwanji? Yerekezani zolemba za pa waya wa FPC, werengani ID pa 0x04 kapena pa 0xDA, 0xDB ndi 0xDC, ndipo panel yatsopanoyo muipatse `compatible` yakeyake.

## Chizindikiro 8: Binding ikulephera mayeso, kapena oyang'anira kernel aikana

Yendetsani `make dt_binding_check` ndi `make dtbs_check`, mukutchula fayilo yanu mu `DT_SCHEMA_FILES` kuti musadikire tsiku lonse. Yambani mwakweza dtschema, pulogalamu yoyesera ma binding, ifike pa yatsopano.

Za makina n'zosavuta:

- Dzina la kampani mulibe mu `vendor-prefixes.yaml`. Liwonjezereni pa patch yakeyake.
- `$id` siikugwirizana ndi malo a fayilo.
- Mwatchula `panel-common.yaml` koma property ikukanidwabe. Mukagwiritsa `additionalProperties: false` muyenera kutchula property iliyonse, pamene `unevaluatedProperties: false` imalola za mu fayilo imene mwatchulayo.
- Chitsanzo cha pansi chikusowa `#include` ya GPIO, kapena `#address-cells` pa node ya DSI.

Za anthu ndiye zimapweteka. Rob Herring, Krzysztof Kozlowski ndi Conor Dooley, amene amayang'anira ma binding, amabweza zinthu zofanana chaka ndi chaka: `compatible` ya onse yopanda dzina la panel patsogolo, dzina lokhala ndi x woimira manambala ambiri, binding yofotokoza driver m'malo mofotokoza chipangizo, ndiponso malamulo oyambitsira olembedwa mu device tree.

Chomalizachi chimakwiyitsa ambiri, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Kulemba fayilo ya C ya mizere mazana angapo chifukwa cha tebulo limodzi la manambala kumaoneka ngati kupha nyerere ndi nkhwangwa, pamene kernel ya ogulitsa imangofuna mizere ingapo mu device tree. Komabe ine ndili mbali ya oyang'anirawo. Device tree ndi pangano: DTB imatha kukhala mu flash pamodzi ndi bootloader zaka zambiri kernel ikusinthidwa, ndiye cholakwa cholembedwa mmenemo simungachikonze ndi kernel yatsopano, pokhapokha ngati muli dzina lenileni la panel loti driver igwirepo. Ndipo kuyatsa panel si ma byte okha. Pali regulator iyi, kudikira, reset, kuwerenga ID, kusankha gamma, kuwala kolamulidwa ndi DCS. Mukafuna kuti device tree inyamule zonsezi, mwayamba kupeka chilankhulo chatsopano cha mapulogalamu m'malo osayenera. Taonani pamene njira ya onse inavomerezedwa: pa eDP chifukwa panel imadzitchula yokha, pa LVDS ndi DPI chifukwa palibe malamulo otumiza, pa SPI chifukwa malamulo anapita mu firmware ndipo dzina lenileni linatsalabe patsogolo.

Ngati mukulemba binding yatsopano, chitani izi:

- Tchulani ma supply onse ndi mayina a pa mapini a mu datasheet, ngakhale pa bolodi yanu amangidwa pamodzi. Bolodi ya mnzanu idzawasiyanitsa.
- Fallback (`compatible` yachiwiri yotsatira dzina lenileni) muikepo pokhapokha ngati driver yodziwa fallback yokhayo ingayatsedi panel.
- Onani kaye ngati tchipi chanu chili kale ndi driver mu `drivers/gpu/drm/panel`. Nthawi zambiri ntchito yonse ndi tebulo limodzi ndi mzere umodzi mu YAML.
- Patch ya binding ikhale payokha, itsogole ya driver, mutu wake uyambe ndi `dt-bindings: display: panel:`.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Zimitsani magetsi nthawi yomweyo mukaona izi:

- Fungo la kupsa, kapena tchipi cha pa galasi chatentha moti chala sichikupirira.
- Bolodi ikukoka magetsi ambiri kuposa a mu datasheet, kapena regulator ikugwa panel ikangolumikizidwa.
- Chithunzi chakale chikutsalira pa galasi, kapena m'mphepete mukuyera pang'onopang'ono. Galasi la LCD likakhala ndi magetsi a bias popanda kuyendetsedwa bwino limawonongeka, nthawi zina osachiranso.

Zina musaziyambe n'komwe ngati si ntchito yanu:

- Kulemba mu OTP kapena MTP ya tchipi. Mu OTP mukalemba mwalemba, palibe kufufuta, ndipo MTP imalola kulembanso kangapo kokha. Mzere wa ogulitsa umene simukuumvetsa ndipo ukutchula mawu amenewa, usiyeni.
- Kusintha manambala a VGH, VGL kapena VCOM mongoyesa.
- Kugwira inverter ya nyali za CCFL za mapanel akale, imene imatulutsa ma volt mazanamazana. Ngakhale backlight ya LED imakweza magetsi kufika ma volt makumi angapo, okwanira kupsereza SoC ngati probe yaterereka n'kugunda pini yoyandikana nayo.
- Kuzula kapena kulowetsa FPC magetsi ali oyaka.

Ndipo ngati reset, magetsi, malamulo ndi timing zonse mwazitsimikiza koma 0x0A siikuyankhabe, kapena chithunzi chimasweka pa liwiro lalikulu lokha, vuto lasamukira ku mawaya a pa bolodi: ma lane osinthana, P ndi N zotembenuka, kapena impedance. Zimenezo zimafuna oscilloscope yothamanga ndi munthu wodziwa kuiwerenga. Kwa amene tili ku Lilongwe kapena ku Blantyre, panel ina yochokera ku Shenzhen siifika mawa, ndiye ngati yatsala imodzi yokha, isungeni. Popita kwa katswiriyo tengani schematic, datasheet ya panel ndi ya tchipi chake, fayilo ya malamulo imene ogulitsa anakupatsani, `dmesg` yonse ya `drm.debug=0x1e`, device tree yotengedwa pa bolodi ikuyenda, ndi pepala la ma volt amene munayeza pa pini iliyonse ya connector.